Nyuzipepa zakale za m'laibulale yathu mwaziika kuti?

Akuluakulu oyendetsa laibulale yathu kuno ku Nkhotakota, ndalemba poyera pano chifukwa ku ofesi kwanu tikangofika yankho limakhala lomwelija, lakuti bwana atuluka.

Zokonza nyumbayi sitikukana ayi. Denga linkadontha, magalasi a m'mawindo anali osweka, ndipo penti mwapakayi yakongola ndithu. Koma chipinda chimene munkasungiramo mitolo ya nyuzipepa zakale mwachisandutsa cha makompyuta, mashelefu mwazula, osatifunsako ife owerenga. Akuti nyuzipepazo mwaziunjika m'makatoni m'kachipinda ka kuseri. Ndi chinyezi cha kunyanja kuno, ndi chiswe chathuchi, zidzaona dzinja likubwerali zili zamoyo?

Mwana wa mlongo wanga ali Fomu 4. Amafuna kuwerenga za sitalaka ya mu May 1992, pamene ogwira ntchito ku fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre ananyanyala ntchito patangotha miyezi iwiri chitulukire kalata ya maepiskopi ya pa 8 March. Ku laibulale kwanuko anamuuza kuti akafufuze pa intaneti. Bwana, pa intaneti mwana apezapo chidule cha munthu wina. Chimene amafunika n'kutsegula Daily Times ndi Malawi News za nthawi imeneyo, aone zimene zinkalembedwa ndi zimene zinkabisidwa, kenako aike pambali pake nyuzipepa zimene zinabadwa mu 1993, monga The Nation, imene inayamba referendamu ya pa 14 June itangodutsa. Akatero adzimvera yekha mmene pakamwa pa Amalawi panatsegukira, popanda womuuza.

Kunja, nyuzipepa zikasowa pa shelefu pamakhala chifukwa chodziwika. Ku New York osindikiza ananyanyala ntchito masiku 114, kuyambira December 1962 mpaka March 1963, nyuzipepa zikuluzikulu za mumzindawo osatuluka. The Times ya ku London inatsekedwa pafupifupi chaka chathunthu kuyambira kumapeto kwa 1978 chifukwa cha mkangano wa eni ake ndi mabungwe a ogwira ntchito. Masiku amenewo sanasindikizidwe, ndiye palibe angawabwezeretse. Zathuzi zinasindikizidwa, zinayenda ulendo wonse kuchokera ku Blantyre mpaka kufika kuno, anthu n'kuzisamala zaka zonsezi. Palibe sitalaka, palibe mkangano wa malipiro, koma ziwonongeke chifukwa wina wafuna malo oika matebulo?

Ndipo kubweza ganizo si manyazi. New York Public Library inakonza zochotsa mashelefu akale a mabuku m'nyumba yake yaikulu, owerenga ndi olemba mabuku anakana kwamtuwagalu, mu 2014 akuluakulu n'kuisiya pulaniyo. Iwo ndalama anali nazo zambiri kuposa inu, koma anamvera.

Makompyuta tikuwafuna, ana athu akuwasowa. Kungoti magetsi akathima, monga amachitira kuno, chipinda chonsecho chimangokhala chogonamo anthu othawa dzuwa.

Tulutsani makatoniwo pansi sabata ino, muwaike pamalo ouma. Matani chidziwitso pakhomo chonena zaka zimene nyuzipepa zake zilipo ndi tsiku limene tidzayambenso kuziwerenga. Ngati zina zadyedwa kale kapena munthu wakulungira usipa, tiuzeni zoona. Yankho lanu lilembedwe pompano pamene aliyense aliwerenge, osati ku inbox.