Musanalipire maiki yopanda waya, iyeseni kaye m'sitolo momwemo

Akonzi,

Tipatseniko danga tilankhule ndi abale athu okhala kuno ku Johannesburg amene amazungulira m'masitolo a ku Fordsburg, Crown Mines ndi Small Street kusaka maiki yopanda waya yoimbira karaoke, kaya ndi ya phwando la kunyumba, kaya yoti atumize kumudzi pa basi. Ife timakonza zimkuzamawu, ndipo zimatiwawa kuona ndalama zopezeka movutikira zikuthera pa chida chimene sichifika n'komwe pa Khirisimasi. Maiki yotchipa yabwino ilipo, bola kudziwa poyang'ana.

Msampha woyamba ndi Bluetooth. Bluetooth ndi yabwino ponyamula nyimbo kuchoka pa foni kupita ku sipika, koma si yonyamulira mawu a woimba, chifukwa kawirikawiri imachedwetsa mawu ndi mamilisekondi 100 mpaka 200. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, ndiye kuchedwa kwa mamilisekondi 100 kuli ngati mukudzimvera nokha muli pa mtunda wa mamita 34. Mukamaliza liwu m'pamene sipika ikuyamba kulitulutsa, ndipo ngakhale katswiri wa kwaya amasochera. Zomwezi zimachitika mukadutsitsa mawu mu TV kenako ku soundbar. Nyimbo idzere pa Bluetooth, koma maiki ikhale ndi risiva yakeyake (kachida kolandira mawu ochokera ku maiki) yolumikizidwa ndi waya ku sipika kapena ku mikisa, chida chosakanizira mawu.

Tsono nkhani imene ogulitsa ambiri sakamba ndi ya manambala a MHz olembedwa kuseri kwa risiva kapena m'kati mwa malo a mabatire, amene amasonyeza dera la mafunde a wailesi limene maiki imagwiritsa ntchito. Mamaiki otchipitsitsa ndi a VHF, dera la manambala otsika, ndipo amakhala ndi tchanelo imodzi yosasinthika. Ikakumana ndi chosokoneza, palibe kothawira. Mnansi wanu akagula yofanana ndi yanu, mawu ake adzatulukira mu sipika yanu, kapena nonse mudzangomva phokoso ngati mvula pa malata. Gulani ya UHF, dera la manambala okwera, yokhala ndi batani losinthira matchanelo, ngakhale akhale 10 okha. Kuno n'zofunika kwambiri chifukwa nsanja ya Sentech ku Brixton, kufupi ndi Mayfair, imaulutsa ma TV mwamphamvu m'dera lomwelo la UHF, ndiye tchanelo yogwira bwino malo ena ikhoza kukana mukafika nayo kumeneko.

Pewaninso maiki iliyonse yolembedwa manambala a pakati pa 694 ndi 862 MHz. M'mwezi wa Malichi 2022 bungwe la ICASA, loyang'anira za mawailesi ndi mafoni kuno ku South Africa, linagulitsa magawo a 700 ndi 800 MHz ku makampani a mafoni, choncho maiki ya m'dera limeneli imalimbana ndi nsanja za netiweki, ndipo siingapambane. Zoterezi zikadali m'mashelefu komanso m'manja mwa ogulitsa zakale, pa mtengo wokopa. Kagawo ka 863 mpaka 865 MHz n'kololedwa popanda laisensi, chimodzimodzi 2.4 GHz, ndipo chida chovomerezeka chimakhala ndi kachizindikiro ka ICASA. Ya 2.4 GHz imamveka bwino, koma imagawana njira ndi Wi-Fi. M'mafulati a ku Hillbrow kapena Yeoville, momwe khomo lililonse lili ndi rauta yake, imaduladula. M'nyumba yapayokha kapena kumudzi ilibe vuto.

Musanyengeke ndi maeliyo awiri. Pa risiva ya mamaiki awiri, nthawi zambiri eliyo iliyonse ndi ya maiki imodzi basi. Risiva yolembedwa kuti true diversity imapatsa maiki imodzi maeliyo awiri ndipo imasankha yokha imene ikugwira bwino pa nthawiyo, n'chifukwa chake siduka woimba akatembenuka. Imakwererako mtengo. Pa balaza sizofunika, koma mu holo ya ukwati kapena m'tchalitchi n'zofunika. Mamita 50 kapena 100 olembedwa pa katoni ndi a pabwalo popanda chotchinga. Matupi a anthu amameza siginolo, makoma a konkire ndi malata amaibweza. Ikani risiva pamwamba, mofika m'mapewa, pomwe woimba akuiona, osati pansi pa tebulo kapena kuseri kwa sipika.

Musanachoke pakhomo, jambulani kuseri kwa sipika yanu ndi foni. Ngati pali bowo lalikulu la 6.35 mm lolembedwa MIC IN, karisiva kakang'ono kongolowetsa, kotchajidwa ndi USB, kakukwanirani, ndipo pa sipika ya matayala yokhala ndi batire mudzaimbabe magetsi atazima. Risiva ya pa tebulo imadalira adaputa ya kukhoma, ndiye Eskom ikazimitsa nayonso yagona. Ngati sipika ili ndi AUX yokha, mufunika kamikisa kakang'ono pakati, apo ayi mawu adzamveka motsika kwambiri kapena simudzatha kusakaniza nyimbo ndi woimba.

Pa mabatire, ife timakonda maiki ya AA awiri, chifukwa akatha pakati pa phwando mumangosintha. Ikani a alkaline kapena otchajanso a NiMH. Otchipa a zinc-carbon aja amafooka msanga, ndipo chizindikiro chake ndi mawu osasa ndi kudukaduka, mwiniwake n'kumati maiki yafa. Phwando likatha achotseni. Batire ikakhalitsa imatuluka madzi amene amadya tizitsulo ta m'kati, ndipo mamaiki ambiri amafera pamenepo. Ya batire yomatidwa m'kati, batireyo ikatopa ndiye kuti maiki yonse yatha.

Kulira kwa sipika kuti piii si vuto la mtengo. Sankhani maiki ya dynamic, ya cardioid, imene imamva kutsogolo n'kukana za kumbuyo. Sipika ikhale kutsogolo kwa woimba, itayang'ana kwa anthu. Gwirani pa thunthu, osafumbata mutu wa maiki, chifukwa mukatseka timabowo ta m'mbali imayamba kumva mbali zonse ndipo kulira kumayamba pomwepo. Pakamwa pakhale pafupi, zala ziwiri kapena zitatu kuchoka pa mutuwo, kuti musakweze voliyumu mopyola. Batani la echo lisapitirire kotala, chifukwa likachuluka mawu a nyimbo samvekanso.

Dzina lalikulu pa katoni yotchipa likuchenjezeni. Mamaiki a Shure amaberedwa dzina kwambiri, ndipo seti yake yeniyeni yopanda waya ndi ya marandi masauzande angapo. Ndi bwino kugula ya dzina losatchuka koma loona, yokhala ndi mutu wachitsulo wopotokola, kusiyana ndi yabodza yonyezimira.

M'sitolo, pemphani kuti aiyatse. Tengani mabatire anu. Yatsani mamaiki onse awiri nthawi imodzi, yankhulani pa iliyonse, yendani mpaka pakhomo, tembenukani kuti risiva ikhale kumsana kwanu. Nenani mawu a "p" ndi "s" ambiri, monga "pepani" ndi "sisiteri", mumve ngati ikuphulika. Isisiteni ndi chala pa thunthu: ikamagunda mu sipika, idzatero usiku wonse. Kenako zimitsani maiki risiva ili chiyakire. Sipika iyenera kukhala chete, ikamafuula ndiye kuti risivayo siitseka phokoso. Wogulitsa wokana kuyesa, musiyireni katundu wake. Ndipo tengani risiti yolembedwa tsiku, pakuti lamulo la Consumer Protection Act la 2008 limakupatsani miyezi 6 yobweza katundu wowonongeka kuti akonze, asinthe kapena akubwezereni ndalama.

Kwa otumiza kumudzi, magetsi a ku Malawi ndi a kuno ndi ofanana, 230 V, koma mapulagi ndi osiyana: kuno mano ndi ozungulira, kwathu ndi amakona. Ikani adaputa ya pulagi m'katoni momwemo, chotsani mabatire m'mamaiki, masulani maeliyo ngati amamasuka, ndipo kulungani risiva m'chitenje isanalowe pansi pa basi.

Okonza zimkuzamawu,
Mayfair, Johannesburg