Okayikira migodi ya graphite ali ndi chifukwa

Akonzi,

Ena akudandaula kuti eni ndalama akuzengereza kugula masheya m'makampani ang'onoang'ono ofuna kukumba graphite (mwala womwe umagwiritsidwa ntchito popanga mabatire), monga ku Malingunde. Ine sindikuwadzudzula. Anaona zomwe zinagwera kampani yokumba graphite ya Syrah Resources ku Balama, ku Mozambique: mu 2023 mgodi unayamba waima kaye chifukwa mtengo unatsika, China itadzaza msika ndi graphite yopangidwa m'mafakitale.

Kampani yomwe sinagulitsepo ngakhale thumba limodzi imapulumukira pa kutulutsa masheya atsopano, ndiye gawo la omwe anagula poyamba limanka lichepa. Mabatire a galimoto zamagetsi akufunadi mwalawu, inde, koma adzagula ndani, pa mtengo wanji? Aphungu athu afunse zimenezi asanalonjeze achinyamata ntchito.

Wowerenga wanu,
Lilongwe