Chilengezo cha nthawi ya mliri wa Covid-19: Tasintha kagawidwe ka phala kwa abale athu ogona panja

Mamembala nonse, amayi ndi abambo,

Chifukwa cha kufala kwa Covid-19, kuyambira Loweruka lino sitisonkhanitsanso anthu pamalo amodzi pogawa phala. Tizipita ndife, awiriawiri, kumene iwo amagona: kumlatho wa mtsinje wa Lilongwe, kudepoti ya mabasi ndi m'makhonde a masitolo a ku Old Town.

Uthenga wakuti "khalani kunyumba, sambani m'manja pafupipafupi" ndi wabwino, koma mwana wogona pakatoni alibe nyumbayo, ndipo madzi amachita kupempha. Maganyu onyamula katundu pamsika nawonso achepa, moti ambiri akugona ndi njala. N'chifukwa chake sitikuimitsa ntchitoyi. Tikufuna sopo, ndowa zokhala ndi mpopi, makapu oti aliyense akhale ndi yake, ndi mamasiki. Amayi odziwa kusoka, chonde tithandizeni ndi mamasiki a nsalu, makamaka aang'ono okwana ana.

Achikulire ndi onse odwala shuga kapena BP musapite kumsewu, muzithandiza kuphika. Mukapeza wina akutsokomola, watentha thupi kapena akubanika, musamunyamule pa minibasi. Imbani 54747, Chipatala cha pa Foni, kenako mudziwitse wapampando.

Zopereka zifike kwa msungichuma pofika Lachinayi madzulo.

Mlembi