Imelo ikachedwa, werengani ma header musanaloze chala

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi awerengi amene ntchito yawo imadalira imelo. Uthenga ukachedwa, wotumiza amati anatumiza m'mawa, wolandira amati wafika madzulo, mapeto ake onse awiri n'kugwirizana kuti ndi netiweki. Nthawi zambiri si netiweki ayi. Imelo iliyonse imayenda ndi mbiri ya ulendo wake, yolembedwa m'mizere yobisika yotchedwa ma header, ndipo mizereyi imaonetsa pamene uthengawo unakaima.

Mbiri yonse ili kwa wolandira, osati kwa wotumiza. Mu Gmail ya pa kompyuta, tsegulani uthengawo, dinani timadontho titatu tili kumanja, musankhe Show original. Mu Outlook yakale ija ya pa kompyuta, tsegulani uthengawo pawokha, mupite pa File, kenako Properties, muone bokosi la Internet headers. Mu Thunderbird dinani Ctrl ndi U. Musachite Forward wamba potumizira katswiri, chifukwa Forward imapanga uthenga watsopano ndipo mizere yakale ija imatsala. Koperani mizere yonse, kapena mutumize uthengawo ngati attachment.

Pa zolembedwa zambirimbiri zimene muone, zofunika ndi mizere yoyamba ndi mawu akuti Received. Seva iliyonse (kompyuta yolandira ndi kupereka imelo) imene yalandira uthenga imaikapo mzere wake pamwamba pa imene yapeza, ngati zidindo za mu pasipoti, ikunena kumene yautenga pa mawu akuti from, dzina lake pa by, nambala ya id, ndi nthawi kumapeto. Choncho kuwerenga kumayambira pansi kukwera m'mwamba. Mzere wapansi ndi seva yoyamba, wapamwamba ndi yomaliza.

Pamene ambiri amasokera ndi pa nthawi. Kumapeto kwa nthawi iliyonse kuli nambala monga +0200, +0000 kapena -0500, yosonyeza kusiyana kwa wotchi ya sevayo ndi nthawi ya UTC, imene ili muyeso wa nthawi wa dziko lonse lapansi. Musanachotsere, sinthani zonse zikhale pa muyeso umodzi. Tiyerekeze kuti mzere wa Date, wosonyeza nthawi imene wotumiza anatumiza uthenga, ukunena 09:02:10 +0200, Received wapansi akunena 09:02:14 +0200, wotsatira 07:47:20 +0000, ndipo wapamwamba 07:47:22 +0000. Woyang'ana mothamanga aganiza kuti uthenga unafika usanatumizidwe. Koma 07:47:20 +0000 ndi 09:47:20 +0200. Ndiye kuti uthenga unachoka pa kompyuta ya wotumiza m'masekondi 4, unagona mphindi 45 pa seva yoyamba, kenako unalowa m'bokosi la wolandira m'masekondi 2. Pa ulendo wabwinobwino, pakati pa seva ndi inzake pamadutsa masekondi ochepa okha, choncho mpata wa mphindi 45 suvuta kuuona.

Apa ndi pofunika kudekha, chifukwa mpata umenewu umanena kumene uthenga unadikira, sunena amene anaudikiritsa. Mu chitsanzochi uthenga unakhala pa seva ya wotumiza, koma mwina sevayo inayesa kuupereka nthawi yomweyo, seva ya wolandira n'kuukana. M'malamulo a SMTP, amene maseva amatsatira popatsirana imelo, yankho loyamba ndi nambala 4, monga 421, 450 kapena 451, limatanthauza kuti "bweranso nthawi ina", pamene loyamba ndi 5, monga 550, limatanthauza kuti uthenga wakanidwa kotheratu ndipo umabwerera kwa mwini wake. Kuyesa kumene kwakanidwa sikusiya mzere wa Received. Mzere umalembedwa pokhapokha uthenga walandiridwa.

Chimene chimayambitsa zimenezi kawirikawiri ndi njira yotchedwa greylisting. Seva yolandira imakana dala uthenga woyamba wochokera kwa wotumiza amene sikumudziwa, podziwa kuti mapulogalamu ambiri omwaza sipamu sabwereranso, pamene seva yeniyeni imabwerera. Pulogalamu ya greylisting yotchedwa Postgrey, mwachitsanzo, imadikiritsa masekondi 300 ngati simunaisinthe. Koma kuchedwa kwenikweni kumadalira nthawi imene seva yotumiza ibwererenso. Chikalata cha malamulo a SMTP cha mu 2008, chotchedwa RFC 5321, chimalangiza kudikira mphindi zosachepera 30 musanayesenso, ndi kupitiriza kuyesa kwa masiku 4 kapena 5. Postfix, pulogalamu ya seva ya imelo, ikakhala yosasinthidwa imayamba ndi masekondi 300, n'kumatalikitsa mpaka masekondi 4000, ndipo imataya mtima pakatha masiku 5. Chizindikiro cha greylisting n'chakuti uthenga woyamba wokha ndi umene umachedwa, wachiwiri wochokera kwa munthu yemweyo umafika nthawi yomweyo. Ngati mauthenga onse akuchedwa, ganizirani zina: seva yolandira yachepetsa liwiro chifukwa IP (adiresi ya pa intaneti) ya seva yotumiza ili ndi mbiri yoipa, bokosi la wolandira ladzaza, kapena seva yoyamba pa MX, mndandanda wa maseva olandira imelo za bungwe, yazima ndipo uthenga wadzera pa yachiwiri. Dzina la pa by limaulula chomalizachi.

Mpata ukhozanso kukhala kumalekezero. Ukakhala pakati pa Date ndi Received wapansi, uthenga unakhala mu Outbox ya wotumiza, mwina intaneti inali itaduka kapena fayilo inali yaikulu. Apa ndi pamene netiweki ya wotumiza ingakhale ndi mlandu. Dziwaninso kuti Date imalembedwa ndi wotchi ya kompyuta kapena foni ya wotumiza, ndiye wotchiyo ikalakwika, kuchedwa kumaoneka pamene palibe. Mpata ukakhala pakati pa mizere iwiri yapamwamba ya bungwe limodzi, wagwira uthenga ndi pulogalamu yosefa mavairasi ndi sipamu, kapena mauthenga achulukana pa mzere. Ndipo ngati Received wapamwamba akusonyeza kuti uthenga unafika pa nthawi yake, koma mwini wake anauona patapita ola, vuto lili pa foni kapena pulogalamu yake, imene imapita kukatenga makalata patalipatali.

Maseva nawo amalakwitsa wotchi ngati sanalumikizidwe ku NTP, njira yokonzera mawotchi kudzera pa intaneti. Mukaona mpata wobwerera m'mbuyo mutasintha kale zonse kukhala UTC, dziwani kuti wotchi ina yataya nthawi. Mizere yapansi ingathenso kupekedwa ndi wotumiza wachinyengo, choncho yodalirika kwambiri ndi imene yalembedwa ndi maseva a mbali yanu.

Pali zida zaulere zowerengera zonsezi, monga Messageheader ya Google ndi Message Header Analyzer ya Microsoft. Mumangomata mizereyo, izo n'kukuonetsani mpata uliwonse. Ndi zothandiza, koma muli maadiresi a anthu ndi mayina a maseva a m'kati mwa bungwe, ndiye uthenga wachinsinsi ndi bwino kuuwerengera pamanja.

Pempho langa kwa onse odandaula ndi lakuti, popita kwa woyang'anira seva musangoti imelo ikuchedwa. Mupatseni Message-ID (chizindikiro cha uthengawo, chimene chili m'ma header momwemo), dzina la seva imene uthenga unagonapo, nambala ya id ya pa mzere wa sevayo, ndi nthawi ziwiri zija pa UTC. Ndi zimenezi iye afufuza mu log, kaundula wa zochitika za pa sevayo, ndipo apeza yankho lenileni limene seva inayo inapereka pa kuyesa kulikonse.

Ine wanu,
Woyang'anira maseva a imelo