Za Chevening muzitiuza khomo lisanatsekedwe

Akonzi,

Chaka ndi chaka nyuzipepala zathu zimatulutsa chithunzi cha achinyamata ovala masuti akutsanzikana ndi kazembe wa Britain ku Lilongwe, ali pa ulendo wokaphunzira ku Britain ndi thandizo la ndalama lotchedwa Chevening. Chithunzicho chimatuluka cha mu Ogasiti kapena Seputembala. Chimene simulemba n'chakuti nthawi yomweyo khomo la chaka chotsatira limakhala lotsegula, ndipo sipapita milungu yambiri lisanatsekedwe. Mphunzitsi wa ku Chitipa ndi namwino wa ku Nsanje amangosirira chithunzi, n'kumati izi n'za ana a mabwana, pamene kufunsira kwake n'kwaulere ndipo kumachitika pa intaneti.

Choyamba anthu amve kumene ndalamazi zimachokera. Si za bungwe lachifundo. Ndi za unduna woona za ubale wa Britain ndi maiko ena, ndipo ndondomekoyi idayamba mu 1983. Dzina lakuti Chevening ndi la nyumba ina ku Kent imene nduna ya undunawu imagwiritsa ntchito. America nayo idayambitsa zake zotere, monga Fulbright mu 1946 ndi Mandela Washington Fellowship mu 2014. Boma la Britain likufuna munthu amene pakatha zaka khumi kapena makumi awiri adzakhala akulemba malamulo, kuweruza milandu, kuyendetsa chipatala kapena kuteteza ufulu wa anthu kwawo, ali ndi anzake ku Britain amene angaimbirane foni. Si chinsinsi, ndipo ine sindionapo choipa malinga tikudziwa. Vuto ndi lakuti wosamva zimenezi amadzaza fomu ndi nkhani ya umphawi wa kumudzi ndi umasiye. Nkhaniyo ingakhale yoona ndi yomvetsa chisoni, koma funso limene wafunsidwa si limenelo.

Zoyenereza zake n'zomveka. Mukhale ndi digiri yoyamba yoti yunivesite ya ku Britain ingakulandireni nayo ku digiri yachiwiri. Mukhale mutagwira ntchito maola osachepera 2,800, ndipo apa ndi pamene ambiri amaterereka. Kompyuta imawerenga maola, siiwerenga zaka zimene mwalemba. Wogwira maola 35 pa mlungu amafikapo pa milungu 80, koma amene amathandiza ku bungwe la achinyamata maola 10 pa mlungu afunika milungu 280. Ntchito yongodzipereka ndi ya maola ochepa zimawerengedwa, choncho musazisiye. Werengani maola amene mudagwira mutamaliza digiri, osadalira ntchito yoyeserera imene sukulu idakutumizani monga mbali ya maphunziro.

Kenaka mumasankha makosi atatu. Akhale a digiri yachiwiri yophunzitsidwa m'kalasi ku Britain komweko, a miyezi 9 mpaka 12, oyamba cha mu Seputembala kapena Okutobala. Maphunziro a pa intaneti ndi a PhD salowa. Atatuwo aziyenderana. Wosankha za malamulo, za ulimi ndi za malonda nthawi imodzi amaoneka kuti akungofuna ndege.

Pali chinthu chimodzi chimene chagwetsa anthu atapambana kale zonse. Kufunsira Chevening si kufunsira malo ku yunivesite. Ndi ntchito ziwiri zosiyana, ndipo yachiwiriyo ndi yanu nokha. Pofika mu Julayi muyenera kukhala ndi kalata ya yunivesite imodzi mwa zimene mudasankha, yokulandirani popanda "koma". Kalata yakuti "tikulandirani mukatumiza zotsatira za mayeso a Chingerezi a IELTS" siikwanira. Chevening payokha idasiya kufuna mayeso a Chingerezi, zimene zimapusitsa anthu, chifukwa mayunivesite ambiri amawafunabe. Mayesowo ndi okwera mtengo, malo olembera amadzaza, ndipo zotsatira zake zimavomerezedwa kwa zaka ziwiri zokha. Musadikire kuitanidwa ku mafunso a pamaso ndi pamaso a Chevening. Tumizani makalata ku mayunivesite Khirisimasi isanafike, ndipo muwerenge tsamba limene yunivesite iliyonse imalembapo zimene imafuna pa digiri ya ku Malawi, poti sizifanana. Amene adaphunzira ku Polytechnic kapena ku College of Medicine University of Malawi isanagawidwe mu 2021 akumbukire kuti masukulu aja tsopano ndi MUBAS ndi KUHeS. Ngati dzina la sukulu la pa satifiketi lisiyana ndi la pa chikalata cha magiredi (transcript), pemphani kalata yofotokoza nthawi ilipo.

Mtima wa fomu ndi mafunso anayi: utsogoleri wanu, mmene mumamangira ubale ndi anthu pa ntchito, chifukwa chosankhira makosiwo, ndi zimene mudzachite mukabwerera. Mayankho ambiri amafa ndi mawu akuti "tidachita". Ifetu tidaleredwa kuti kudzitchula wekha n'kudzitama, koma owerenga fomu akufuna kudziwa dzanja lanu lidagwira pati. Mzamba asangolemba kuti amakonda kuthandiza amayi. Alembe kuti buku lolembamo amayi a sikelo linkasonyeza ambiri osabweranso ulendo wachiwiri, iye adakakhala pansi ndi mafumu ndi alangizi a zaumoyo, adasintha tsiku la sikelo kuti lisagundane ndi la msika, ndipo chiwerengero chidachoka pakuti kufika pakuti. Pa funso lomaliza tchulani unduna, lamulo kapena boma limene mukagwiremo ntchito, ndi zimene mudzachite m'zaka ziwiri zoyamba. "Ndidzatukula dziko langa" aliyense amalemba.

Musakopere mayankho a mnzanu amene adapita chaka chatha, ndipo musalembetse kwa makina a AI. N'zoletsedwa, komanso ku mafunso a pamaso ndi pamaso, amene amachitika ku ofesi ya kazembe cha mu Malichi kapena Epulo, amakufunsani zomwe mudalemba zija. Wolembetsa amayamba chibwibwi pa funso lachiwiri. Aliyense wokuuzani kuti mumupatse ndalama akulowetseni pa mndandanda ndi wakuba.

Zina n'zazing'ono koma zimapweteka. Fomu imatsekedwa 12 koloko masana pa nthawi ya UTC, imene kuno ndi 2 koloko masana, osati pakati pa usiku. Ndi mmene magetsi ndi netiweki zimachitira kuno, tumizani kutatsala masiku atatu. Makalata a anthu okuchitirani umboni amafunika awiri, ndipo owalemba auzidwe msanga. Pasipoti ikhale m'manja, chifukwa chitupa cholowera ku Britain chimafunanso kuyezetsa TB ku chipatala chovomerezeka. Ndalama za mwezi ndi mwezi zimene Chevening imapereka adaziwerengera munthu mmodzi, si zodyetsera banja lotsala kuno. Ogwira ntchito m'boma apemphe tchuthi cha maphunziro akangoitanidwa ku mafunso, poti zotsatira zimatuluka mu Juni ndipo ulendo ndi wa mu Seputembala. Mukamaliza mumayenera kubwerera kwanu kwa zaka zosachepera ziwiri.

Mwayi umenewu tisautenge ngati wamuyaya. Britain idatsitsa ndalama zothandizira maiko ena kuchoka pa 0.7 kufika pa 0.5 peresenti ya chuma chake mu 2021, ndipo mu 2025 idalengeza kuti itsitsanso kufika pa 0.3.

Pempho langa kwa inu, Akonzi, ndi lakuti mu Julayi, fomu isanatsegulidwe, muzipatula tsamba limodzi la m'Chichewa lofotokoza masiku, maola 2,800 ndi nkhani ya kalata ya yunivesite ija. Mawailesi a m'madera akaliona adzaliwerenga pa mphepo, ndipo uthengawo udzafika ku Chitipa ndi ku Nsanje miyezi yokonzekera ikadalipo.

Ine wanu,
Wowerenga, Zomba