Lipoti la nthumwi yathu ya ku msonkhano wa nkhalango za boma

Apampando, akuluakulu a komiti, amayi ndi abambo a bungwe lathu, landirani moni. Munandituma kuti ndikakhale makutu anu ku msonkhano wokambirana momwe anthu a m'midzi angatengere mbali posamala nkhalango za boma kuno ku Zimbabwe, umene unachitikira m'tauni muno mu Harare. Ndasankha kulemba kuti nawonso anzathu a ku Epworth, Mabvuku ndi Dzivarasekwa, amene safika kawirikawiri ku Mbare, amve zonse. Za ndalama ya kombi ndi chakudya ndalongosola kale kwa asungichuma.

Kunabwera akuluakulu a Forestry Commission, a EMA (bungwe la boma loona za chilengedwe), makhansala a m'maboma, mafumu, alimi a fodya ndi anthu a m'makomiti a m'midzi ochokera ku Gokwe ndi ku Lupane. Amalonda a m'tauni tinali owerengeka, ndipo ena ankadabwa kuti wa ku Mbare wadzatani pa nkhani ya nkhalango. Kunena zoona, ngakhale pakati pathu pano analipo amene anafunsa funso lomwelo tsiku limene munkandisankha. Ndabwerako ndili wotsimikiza kuti nkhaniyi ndi yathu kuposa momwe tinkaganizira, chifukwa tsache, uchi, nkhuni ndi thabwa zimene timadyera zimachokera komweko.

Ndiyambe ndi nkhalangozo. Forestry Commission inakhazikitsidwa mu 1954, ndipo imayang'anira nkhalango za mitengo yachilengedwe zokwana mahekitala pafupifupi 800,000. Zambiri zili kumadzulo kwa dziko lino, monga Gwaai, Ngamo, Sikumi, Mzola ndi Fuller. Kumeneko n'kumene kuli mukusi ndi mlombwa, umene kuno amauti mukwa. Nthaka yake ndi mchenga wa Kalahari. Ukagwetsa mitengo n'kulima, chimanga chimachita bwino zaka zochepa chabe, kenako nthaka imaguga, mchenga n'kuyamba kutsikira m'mitsinje. Ichi ndicho chifukwa chimene boma limapereka potseka malowa, ndipo ndi chifukwa choona. Koma mfumu ina inakumbutsa msonkhano kuti potseka nkhalangozi m'nthawi ya atsamunda, munali kale anthu, minda ndi manda. Anthu anasamutsidwa, ndipo adzukulu awo akamayang'ana nkhalango lero amaona mabwinja a makolo awo okhala ndi mlonda pakhomo. Holo yonse inati zii. Palibe anatsutsa.

Nthawi yambiri inathera pa nkhalango ya Mafungautsi ku Gokwe South, chifukwa n'kumene boma linayesera koyamba kugawana zokolola za m'nkhalango ndi anthu. Nkhalangoyi ndi ya mahekitala pafupifupi 82,000 ndipo mumachokera mitsinje monga Sengwa ndi Lutope, imene madzi ake amakathera ku Kariba. Mu 1994, ndi thandizo lochokera ku Canada, anakhazikitsa makomiti a m'midzi yozungulira nkhalangoyo. Anthu analoledwa kumweta udzu wofolera ndi udzu wa matsache, kutola nkhuni zouma, kuzula bowa, kuthyola zipatso, kuika ming'oma ya njuchi ndi kudyetsamo ng'ombe. Komiti imapereka chilolezo, imalandira kangachepe kapena mitolo ina ya udzu, ndipo ndalamazo zimayenera kupita ku chitukuko cha mudzi. Kudula mitengo yaiwisi, kusaka nyama ndi kulima anaziletsa. Nawonso anthu anapatsidwa ntchito yothandiza kulambula malire otchinga moto, kuzimitsa moto wolusa ndi kuulula akuba mitengo.

Tsopano mvetserani, amayi ogulitsa matsache, chifukwa apa ndi panu. Anaimirira mayi wina wa m'komiti ya ku Gokwe, wachikulire ndithu, atanyamula matsache awiri. Lina linali la udzu womweta ndi zenga, lina la udzu wokumba ndi khasu, mizu yake ili pomwepo. Anatiuza tiwagwire. Lokumba lija limagwirana lokha kumutu chifukwa cha mizu, ndipo ngakhale uligwedeze bwanji silithothoka. Lomweta, likapanda kumangidwa bwino, limayamba kusolomoka udzu umodziumodzi ukangosesera masiku ochepa. Lamulo la komiti limati udzu uzimwetedwa, pofuna kuti chitsa chitsale m'dambo. Koma wogula akafika amasankha lokumba. Ndiye mayi womvera lamulo amabwerera kunyumba ndi katundu wake pamutu, pamene mnzake amene analowa m'dambo mbandakucha ndi khasu, wopanda chilolezo, wagulitsa zonse dzuwa lisanafike paliwombo. Mayiyo anati iwo anaphunzira kumanga matsache omweta mwaluso, kuwakulunga kumutu zolimba ndi kuwakongoletsa, kuti apikisane ndi okumba aja. Kenako anafunsa kuti kodi ogula a m'matauni alipo muno? Ndinakweza dzanja. Anandiyang'ana n'kunena kuti komiti ingalembe malamulo mpaka buku kudzaza, koma amene amalamula dambo lawo ndi munthu amene ali ndi dola m'manja.

Mawu amenewo ndabwera nawo kwa inu monga momwe anandipatsira. Ife tikakhala pa musika n'kumati tikufuna tsache lotere, pa mtengo wotere, osafunsa komwe lachokera, timakhala taponya voti pa zimene zichitike m'dambo la ku Gokwe. Komiti ya kumudzi ilibe mphamvu yoposa msika.

Komabe sindikufuna mumve ngati vuto lonse ndi ife. Ndinaona ndi maso anga kuti kugawana kumeneku n'kopendekera mbali imodzi. Anthu anapatsidwa udzu, bowa ndi nkhuni zogwa zokha. Matabwa, amene ndiwo ali ndi ndalama zenizeni, ndi malo osakirako nyama alendo olipira madola, zinatsalira m'manja mwa boma ndi makampani opatsidwa ziphaso. Munthu amene wathamanga usiku ndi nthambi yaiwisi kukazimitsa moto amaona lole yodzaza zipika za mukusi ikudutsa pakhomo pake, iye osaloledwa ngakhale mlongoti umodzi wa denga la khitchini. Zili ngati kuitanidwa ku ukwati kudzatsuka mbale basi. Bambo wina wa ku Lupane ananena kuti iwo amaitanidwa mapulani atalembedwa kale, kudzangoomba m'manja. Enanso anadandaula kuti makomiti ena amatha chaka osauza mudzi kuti m'thumba muli zingati, ndipo anthu akataya chikhulupiriro amangobwerera kukaba. Zinthu zitavuta m'dziko muno kuyambira mu 2000, anthu ambiri analowa m'nkhalango ya Mafungautsi n'kumanga nyumba ndi kutsegula minda. Udzu wa matsache sukanawaletsa, chifukwa chimene ankafuna ndi malo olima.

Akuluakulu a zankhalango sanakane zimenezi. Anati alonda ndi ochepa, nkhalango ndi zazikulu, ndipo popanda anthu a m'midzi sangathe. Anakumbutsanso za CAMPFIRE, imene inayamba mu 1989 kupatsa anthu gawo la ndalama za nyama zakutchire kudzera m'makhonsolo. Ine ndikuona kuti phunziro lake ndi lomwelo. Kumene ndalama inkafikadi kumudzi, anthu ankateteza njovu ngakhale ikuwadyera mapira. Kumene inkathera m'njira, misampha inkabwerera.

Nditapatsidwa mpata ndinatchulako za kwathu ku Malawi, poti ambiri mwa ife tili ndi abale kumeneko. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 boma linayesa kuyendetsa nkhalango pamodzi ndi anthu ku Chimaliro m'boma la Kasungu ndi ku Liwonde m'boma la Machinga, ndipo lamulo la nkhalango la 1997 linatsegula khomo la mapangano otere. Nkhalango amaigawa m'zigawo, chigawo chilichonse ndi komiti yake. Koma taonani Dzalanyama, kumene kumachokera madzi a mzinda wa Lilongwe. Makala anaipululutsa mpaka boma linatumizako asilikali mu 2015. Makalawo sankaphikira m'midzi ya m'mphepete mwa nkhalango ayi, ankapita m'tauni pa njinga. Anthu a ku Gokwe anagwedeza mitu chifukwa nkhaniyo inali yawo yomwe.

Funso limene linandiwawa kwambiri ndi la anthu athu. Makomiti onsewa amasankhidwa kudzera m'midzi, ndipo kuti uwerengedwe uyenera kukhala m'buku la sabhuku, amene ndi nyakwawa ya mudzi. Nanga mwana wa munthu amene agogo ake anabwera kuchokera ku Dedza kapena ku Ntcheu kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi, iye sabhuku wake ndani? Mafamu atagawidwa, abale athu ambiri anachotsedwa m'makomboni opanda mudzi wobwererako. Ena anakakhala m'mphepete mwa nkhalango, ena m'kati mwenimweni, ena ku minda ya paini ya ku Manicaland kumene makolo awo ankacheka matabwa. Anthu amenewa amaidziwa mitengo, amadziwa kufesa mbande ndi kuzimitsa moto kuposa ambiri a ife, koma pa mapepala amangotchedwa olowerera. Ndinakumbutsa msonkhano kuti gawo 43 la malamulo aakulu a dziko lino a 2013 limati munthu wobadwira muno, wa makolo ochokera m'mayiko a SADC, amene ankakhala muno pamene malamulowa ankayamba kugwira ntchito, ndi nzika. Ngati ndi nzika, bwanji asakhale ndi mpando m'komiti ya nkhalango imene amagona m'mbali mwake? Yankho linali lakuti nkhaniyi ndi ya mafumu ndi makhonsolo. Sindinakhutire nalo, ndipo ndinapempha kuti funsolo lilembedwe m'maminitsi. Mfumu imodzi inanditsatira panja nthawi ya tiyi n'kunena kuti kwawo anawalemba kale anthu otere m'buku, ndipo ndi amene amatsogolera ntchito ya nazale. Ndiye n'zotheka, pakakhala mtima.

Za malamulo ndinena mwachidule, poti ena mwa inu munalandidwapo katundu pamsewu. Lamulo la 1987 la zokolola za m'nkhalango za m'midzi limalola mwini mudzi kutenga zogwiritsa ntchito pakhomo pake, koma zogulitsa zimafuna chilolezo. Lamulo lina lotchedwa SI 116 la 2012 limati wogulitsa kapena kunyamula nkhuni ndi matabwa akhale ndi chiphaso. Anatiuzanso kuti dziko lino limataya nkhalango zokwana mahekitala pafupifupi 262,000 pa chaka, ndipo gawo lina lalikulu limapita kooumitsira fodya. Alimi a fodya akhala akudulidwa msonkho wobzalira mitengo kuyambira mu 2015, ndipo analankhula mokwiya kufunsa komwe kuli mitengoyo. Koma tisamaloze fodya yekha. Magetsi akazima, ndani pakati pathu sagula mtolo wa nkhuni za mtengo wa msasa pakona?

Kwa inu amisiri athu a ku Glen View, ndikudziwa kuti thabwa la mlombwa lobwera madzulo popanda pepala ndi lotchipa, ndipo kasitomala safunsa. Ndikudziwanso kuti lendi sidikira. Koma mlombwa umatenga zaka makumi ambiri kuti ufike pochekedwa, ndipo amene mwakhalitsa pa ntchitoyi mwaona nokha kuti matabwa otambalala amene tinkapangira zitseko kale akusowa. Mwana amene mukumuphunzitsa kupala lero adzagwira chiyani?

Chimene ndikupempha bungwe ndi ichi. Mayi wa ku Gokwe uja anavomera kuti komiti yawo ikhoza kumatitumizira matsache omweta ndi uchi mwachindunji pa basi, ndi risiti ya komiti, ngati titaoda pamodzi monga gulu. Mtengo ukwerako pang'ono, koma wapakati achoka, ndipo katundu wa mapepala salandidwa panjira. Ndikuganiza kuti tiyese ndi oda imodzi yaing'ono ya amayi amene angafune, tione ngati makasitomala awalandire matsachewo. Nambala yawo ndaipereka kwa alembi. Ndikupemphanso kuti alembi apite ku likulu la Forestry Commission ku Highlands akafunse ngati ogulitsa nkhuni athu angatenge chiphaso chimodzi monga gulu, chifukwa munthu payekha zimamulemera. Ndipo tilembe kalata yopempha kuti amalonda a m'tauni azikhala ndi malo awo pa zokambirana zotsatira, momwemo tibwerezenso funso la abale athu opanda sabhuku. Amene muli ndi abale okhala m'mbali mwa nkhalango za boma, afunseni ngati analembedwa m'buku la mudzi ndi ngati anasintha zitupa zawo zakale, kuti kalatayo ikhale ndi zenizeni.

Tsiku lobzala mitengo la dziko lino limakhala Loweruka loyamba la Disembala. Akuluakulu a zankhalango anati gulu lolembetsa msanga likhoza kuthandizidwa kupeza mbande, koma tiyenera kukhala ndi malo ndi munthu wothirira. Apampando, ndikupempha kuti nkhani ya oda ya matsache ndi ya kalata ziikidwe poyamba pa msonkhano wathu wa Lamulungu likubwerali tikaweruka ku mapemphero. Matsache awiri aja mayiyo anandipatsa, ndidzabwera nawo kuti amayi adzawagwire okha asanavote.