Lipoti la msonkhano wa za bowa kwa gulu la amayi ogulitsa bowa

Amayi apampando ndi mamembala nonse, ndikupereka lipoti la msonkhano wa ku Zomba umene munandituma kuti ndikakuimirireni. Nkhani zinali zingapo, koma imene inatenga nthawi yaitali, ndiponso imene ikukhudza malonda athu, ndi ya bowa wofiira wosadyedwa womera m'nkhalango za paini, amene akatswiri amamutchula kuti Amanita muscaria.

Alangizi anatifotokozera kuti bowayu si wa kuno ayi: kwawo ndi kumayiko ozizira a ku Ulaya ndi ku Asia, ndipo anafika kuno pamodzi ndi mitengo ya paini, chifukwa amakhala molumikizana ndi mizu yake monga momwe ndelema amakhalira ndi mizu ya mitengo ya m'nkhalango zachilengedwe. Apa ndi pamene ndinaona vuto lathu. Nzeru zimene agogo athu anatisiyira zosiyanitsira bowa wodyedwa ndi chirombo (bowa wosadyedwa) anaziphunzirira pansi pa mombo ndi msuku, kotero sizingatiteteze mokwanira tikalowa m'mapaini.

Anatibweretsera bowa awiri m'mbale kuti aliyense awaone pafupi. Woyamba anali ndi chipewa chofiira kwambiri chokhala ndi timadontho toyera, kunsi kwake koyera, mphete pa thunthu ndi tsinde lotupa. Wachiwiri anali wa mtundu womwewo, koma mvula inali itakokolola timadontho tonse ndipo kufiira kunali kutazirala. Ndivomereze kuti wachiwiriyo ndikanamuponya mu dengu osakayika.

Munthu akamudya, zizindikiro zimayamba pasanathe maola awiri: nseru, chizungulire, kubwebweta ndi tulo tosadzutsika msanga. Wodwalayo apite naye kuchipatala nthawi yomweyo, pamodzi ndi ndiwo zotsala kuti adokotala aone chimene wadya. Nthumwi ina inanena kuti bowa wodyedwa ndi anyani kapena mphutsi ndi wabwino kwa munthu, koma alangizi anakana kwamtuwagalu.

Pa msonkhano wathu wamawa ndikupempha kuti tigwirizane zinthu ziwiri. Ana amene timawatuma kukazula bowa asamalowe okha m'mapaini, ndipo bowa aliyense wobwera pa malo athu ogulitsira azizulidwa ndi tsinde lomwe, osadula, kuti amayi osankha aziona bwino asanaunjike milu.